Kabokosi ka utoto wa madzi ndi kabuku kojambulamo patatha pafupifupi chaka

Pamene ndinalemba koyamba za zipangizo zimenezi zinali zidakali zatsopano, ndipo zimene ndikanatha kunena zinali zongooneka ndi maso: kabokosi ka pulasitiki kolowa m'thumba la jekete kokhala ndi timakapu 12 ta utoto wa madzi, burashi yosunga madzi m'chigwiriro chake, cholembera cha inki yosasungunuka, ndi kabuku kojambulamo ka mapepala olemera magalamu 200 pa sikweya mita. Tsopano patha pafupifupi chaka ndikuzigwiritsa ntchito masiku ambiri, pojambula zinthu zimene zili pamaso panga osati zotengera pa chithunzi cha kamera: anthu odikira basi, mitengo, madenga a nyumba, mitambo, ndipo tsiku limene sindinatuluke, dzanja langa lamanzere kapena nsapato zimene ndavula. Maganizo anga lero ndi akuti kabokosi kamagwira ntchito kuposa mmene maonekedwe ake amalonjezera, burashi ili ndi pamene imalekezera, koma chimene chimalamula kuti chojambula chituluke bwino kapena ayi ndi pepala.

Munthu akatsegula kabokosika lero amadziwiratu mitundu imene ndimadalira, chifukwa timakapu tina takumbika mpaka pansi pamene tina tidakali tosalala pamwamba. Mitundu iwiri imene inayamba kutha ndi ultramarine, buluu wozama uja, ndi burnt sienna, wofiirira wa dothi. Chifukwa chake n'chakuti iwiriyi ikasakanizidwa imatulutsa mitundu yotuwa yosiyanasiyana: buluu akachuluka pamatuluka kutuwa kozizira koyenera mithunzi ndi mitambo ya mvula, wofiirira akachuluka pamatuluka kutuwa kofunda koyenera makungwa a mitengo ndi makoma akale, ndipo madzi akachepa kwambiri pamatuluka mtundu woyandikira wakuda, moti sindinasowepo utoto wakuda umene mulibe m'kabokosimu. Wachitatu kutha ndi yellow ochre, wachikasu wa dothi, amene amagwira ntchito pa nthaka, pa udzu wouma ndi pa khungu la munthu akasakanizidwa ndi wofiira pang'ono. Utoto woyera sindinaukhudze kwenikweni, popeza pa utoto wa madzi choyera ndi pepala lenilenilo limene walisiya dala losapaka. Wobiriwira wowala wa m'kabokosimu ndi wamphamvu mopitirira muyeso: kungomukhudza ndi nsonga ya burashi amadzaza chosakaniza chonse, ndipo masamba enieni akayang'anitsitsidwa saoneka choncho kawirikawiri. Ndimapeza kubiriwira kokhulupirika posakaniza wachikasu ndi buluu, kenako n'kuzimitsa kuwala kwake ndi kadontho ka burnt sienna.

Timakapu tikatha sipafunika kabokosi kena. Ndimafinyiramo utoto wa m'chubu, theka lokha poyamba, n'kuusiya kuti uume masiku angapo ndisanawonjezere, chifukwa ukathiridwa wodzaza nthawi imodzi umauma pamwamba pokha ndipo umang'aluka. Zimenezi zimatheka chifukwa cha mmene utotowu umapangidwira: ufa wa mtunduwo umagwirizanitsidwa ndi utomoni wa mitengo ya acacia wotchedwa gum arabic, umene umasungunukanso ukakhudzidwa ndi madzi ngakhale utauma kalekale. Kampani ya Winsor & Newton, imene William Winsor ndi Henry Newton anayambitsa ku London mu 1832, inayamba kugulitsa utoto wa madzi wothira glycerine mu 1835 kuti usamaume gwa, ndipo mu 1841 wojambula wa ku America John Goffe Rand anatulukira chubu chofinya chachitsulo. Zinthu ziwirizi n'zimene zinathandiza kuti kujambulira panja kukhale ntchito ya tsiku ndi tsiku, osati ulendo wofuna katundu wambiri.

Pa kulimba, kabokosi kapirira. Chivindikiro chake, chimene ndimasakaniziramo utoto, chathimbirira ndipo sichiyeranso, koma kuthimbirirako kwathandiza, chifukwa pulasitiki ikadali yatsopano madzi ankadzikundika timadontho m'malo moyala. Chinthu chimodzi chofunika kusamala ndi kukatseka kadakali konyowa: nyengo yachinyezi utoto umayamba kuchita nkhungu, choncho ndikafika kunyumba ndimakasiya kotsegula usiku wonse.

Burashi yosunga madzi ndi yabwino pa ntchito yothamanga, ndipo popanda iyo zojambula zambiri za anthu sizikanachitika, chifukwa palibe amene angaimirire pamalo odzaza anthu atagwira kabuku, kabokosi, burashi ndi kapu ya madzi nthawi imodzi. Koma ubweya wake wa nayiloni, umene unali woyera ndi wosongoka, tsopano wada ndipo nsonga yake yayamba kupindika, moti mizere yopyapyala siitulukanso mwaukhondo. Vuto lalikulu si kukalambako ayi, koma lakuti madzi amatsika okha nthawi zonse, choncho mtundu umene unayamba wakuda umapita ukutumbuluka burashi ikamayenda, ndipo kupaka thambo lonse mofanana kumakhala kovuta. Ndikadziwa kuti ndikhala pansi kwa ola lathunthu ndimatenga burashi wamba yozungulira ya nambala 8 ndi kabotolo ka madzi.

Nkhani ya pepala ndi imene yandiphunzitsa zambiri m'miyezi imeneyi. Kabuku koyamba kanali ka mapepala opangidwa kuchokera ku mitengo, ndipo pa inki ndi utoto wochepa kanalibe vuto. Koma ndikangopaka madzi ambiri, tsamba linkafufuma n'kupanga timapiri ndi timakwawa, utoto n'kutsetserekera m'timakwawamo, ndipo pouma pankatsala mizere yakuda m'mphepete mwa malo alionse amene madzi anaima. Mapepala oterewa amauma msanga ndiponso mosafanana, kotero kuti ukabwerera ndi burashi yonyowa pamalo amene ayamba kuuma, madzi atsopano amakankha utoto wakale n'kusiya chibanga chooneka ngati duwa lophwanyika pakati pa thambo. Komanso ukafuna kupaka mtundu wachiwiri pamwamba pa woyamba, wapansiwo umadzuka n'kusakanikirana ndi wapamwamba, zonse n'kuda bii.

Nditayamba kugwiritsa ntchito mapepala a thonje lokhalokha olemera magalamu 300, utoto womwewo ndi burashi yomweyo zinayamba kuchita zinthu zina. Ulusi wa thonje umamwa madzi mofanana ndipo umawasunga nthawi yotalikirapo, choncho pamakhala mpata wodonthezera buluu wozama m'munsi mwa mtambo udakali wonyowa n'kumuona akufalikira yekha mofewa popanda mzere wouma. Ukauma, mtundu woyamba umakhazikika, ndipo wachiwiri umadutsa pamwamba pake mopanda kuusokoneza, mwakuti munthu amaona mitundu iwiri yonse nthawi imodzi. Opanga mapepalawa amawathira mankhwala ena, nthawi zambiri gelatin, oteteza kuti utoto usalowe mwakuya ngati mmene umachitira pa pepala la nyuzipepala, ndipo n'chifukwa chake n'zotheka kuchotsako utoto pang'ono ndi burashi yonyowa ndi kansalu pofuna kubwezeretsa kuwala pamphumi pa munthu kapena pa denga. Pali osalala, amene amatchedwa hot press, ndi okhakhala pang'ono, otchedwa cold press. Osalalawo amakondweretsa cholembera, koma ine ndakhazikika pa okhakhala, chifukwa ufa wa ultramarine umakhala m'timaenje take n'kupereka maonekedwe a mchenga amene amayenerera makoma ndi miyala. Ndikadafunsidwa kuti munthu asinthe chiyani choyamba pa zipangizo zake, sindikanatchula utoto wapamwamba kapena burashi ya ubweya wa nyama.

Ndinayesanso ngati mitunduyi imapirira dzuwa. Ndinapaka mizere ya mitundu yonse 12 pa pepala limodzi, n'kuphimba theka lake ndi katoni, n'kulimata pa windo lolowa dzuwa kwa miyezi ingapo. Mitundu ya dothi ndi ultramarine sinasinthe m'pang'ono pomwe, koma wofiira wozama anatumbuluka moonekeratu mbali imene inali poyera. Amene akufuna kupachika zojambula zake pakhoma ayenera kuwerenga manambala olembedwa pa chubu osati dzina lokha, chifukwa dzina limodzi limatha kubisa ufa wosiyanasiyana. PB29 ndi ultramarine, pamene PR83 ndi alizarin crimson weniweni, wofiira wozama amene amadziwika kuti amafwifwa akapakidwa mopyapyala. Kwa amene ntchito yake imakhala m'kabuku kotseka, nkhaniyi si yodetsa nkhawa kwenikweni.

Zipangizo zonsezi ndimaziweruza ndi funso limodzi, lakuti kodi zimandilola kuyamba msanga chinthu chisanasinthe, popeza chojambulidwa ndi maso sichidikira. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola lililonse, ndipo mthunzi umene unali pansi pa windo poyamba umakhala utafika pakhomo pamene chojambula chili pakati. Choncho ndimalemba malire a mithunzi koyambirira, n'kuwatsatira ngakhale dzuwa litasuntha, apo ayi chithunzi chimakhala ndi kuwala kochokera mbali ziwiri. Wojambula wa ku England John Constable, pojambula mitambo ku Hampstead ku London mu 1821 ndi 1822, ankalemba kuseri kwa pepala tsiku, nthawi ndi kumene mphepo inkachokera, ndipo ine ndatengera chizolowezi cholemba nthawi m'munsi mwa tsamba. Chimathandiza pobwerera pamalo omwewo, chifukwa khoma limodzi limakhala ndi mitundu ina m'mawa ndi ina madzulo.

Anthu ndiwo ovuta kuposa mithunzi. Munthu woimirira amasintha phazi lopondera pasanathe mphindi imodzi, choncho ndimayamba ndi mzere wa msana ndi kupendekeka kwa mapewa, kenako phazi limene lanyamula thupi, ndipo nkhope imabwera pomalizira ngati mwiniwake sanachoke. Akachoka, miyendo ndimabwereka kwa wina amene waima mofananamo. Pa ntchito imeneyi cholembera cha inki chaposa pensulo, chifukwa pensulo imabwera ndi chofufutira, ndipo nthawi yofufuta ndi imene munthu uja amanyamukira. Mzere wolakwika ndimausiya n'kulemba wolondola pambali pake. Inki ya cholemberachi yakwaniritsa zimene inalonjeza: ikapatsidwa kanthawi kochepa kuti iume siisungunuka madzi akadutsapo, ngakhale kuti pa pepala la thonje imachedwerapo kuuma ndipo nsonga ya cholembera imatha msanga chifukwa cha kukhakhala. Chinanso chimene dzanja limazolowera pang'onopang'ono n'chakuti utoto wa madzi umauma wotumbuluka kuposa mmene umaonekera udakali wonyowa, choncho mthunzi uyenera kupakidwa wakuda kuposa mmene mtima ukufunira.

Pakali pano ndimayenda ndi mabuku awiri. Kabuku ka mapepala wamba ndi ka anthu oyenda ndi zoyeserera za inki, kumene tsamba limadzaza m'mphindi zochepa ndipo silichititsa mantha kuliwononga. Wojambula wa ku England J. M. W. Turner anasiya mabuku ojambulamo pafupifupi 300, amene tsopano amasungidwa ku nyumba yosungira zojambula ya Tate ku London, ndipo masamba ambiri m'menemo ali ndi mizere yothamanga ya pensulo basi. Mapepala a thonje ndimawadula tizidutswa tolingana ndi chikhatho n'kutipanikiza pa kathabwa kopyapyala, ndipo ndimatitulutsa pokhapokha ndikapeza pokhala ndi nthawi yokwanira kuti mtundu woyamba uume ndisanapake wachiwiri. M'kabokosi ndachotsamo woyera ndi wobiriwira wowala uja, ndipo m'malo mwawo ndaikamo kakapu kachiwiri ka ultramarine ndi wofiira wa quinacridone amene satha ndi dzuwa.