Uphungu wa m'maganizo: zimene zakhalitsa patapita miyezi chimalizireni

Ndinalandira uphungu pachipatala china kuno ku Mulanje chifukwa cha mantha ndi kusowa tulo kumene kunandiyamba mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa napolo m'phiri n'kukokolola midzi kwathu kuno ndi ku Phalombe. Papita miyezi yambiri chisiyireni kukumana ndi alangizi, dzinja lina ladutsanso, ndipo mvula ya usiku ndiyo yandionetsa pamene thandizoli linagwira ndi pamene linaperewera.

Chisoni sichinathe, ndipo amene akufuna kuti uphungu umuiwalitse maliro adzakhumudwa. Chimene chakhalitsa ndi ntchito yooneka yopepuka imene ankandipatsa yokachita kunyumba. M'kope ndinkalemba mavuto mbali ziwiri: kumanzere amene ndingawathetse, monga ngongole ya feteleza ndi khoma lakugwa la khitchini, kumanja amene palibe munthu angawasinthe. Kenako tinkasankha limodzi lokha la kumanzere n'kugwirizana tsiku loliyamba. Njirayi ikufanana ndi ya Friendship Bench imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Zimbabwe, kumene agogo ophunzitsidwa amamvetsera anthu atakhala nawo pabenchi. Mpaka lero, mvula ikayamba kuwomba pamalata pakati pa usiku, ndimaika dzanja pamimba ndi kupuma pang'onopang'ono mpaka kugunda kwa mtima kutatsika, m'malo modzutsa ana kuti tithawire kumtunda. Mankhwala a amitriptyline anandibwezera tulo, ngakhale ankaumitsa kukamwa ndi kundisiya wolefuka m'mawa, ndipo ndinawasiya mwapang'onopang'ono motsatira malangizo a achipatala.

Poyamba kukhala chete kwa alangizi kunkanditopetsa, popeza kwathu munthu ukadandaula umayembekezera kuuzidwa msanga kuti "limbani mtima". Iwo anandifotokozera chifukwa chake: "Bambo, ndikafulumira kukutonthozani, mawu amene mwawasunga nthawi yonseyi abwerera m'mimba." Pamene tinkatsazikana anandiuzako za mbali yawo, ndipo ndi imene ndaiganizira kwambiri chiyambire. Mlangizi amamva nkhani za imfa, nkhanza za m'banja ndi ngongole tsiku lonse, koma lamulo losunga chinsinsi silimulola kukazitula kwa mwamuna wake kapena kwa amayi anzake a kutchalitchi. Anati chimawavuta koposa ndi munthu amene wasiya kubwera osatsazika, chifukwa sadziwa ngati wachira, wasowa ndalama ya kabaza, kapena zinthu zafika poipa.

Zoperewera zilipo. Chipinda chimene tinkakumaniramo ndi alangizi chinali chogawidwa ndi nsalu yotchinga basi, moti ndinkalankhula monong'ona ndikamva mapazi panja, ndipo zina sindinazinene konse. Anthu enanso akangomva za maganizo amathamangira kutchula chipatala cha amisala cha ku Zomba, ngati kuti aliyense wosowa tulo wapenga. Koma chondidandaulitsa kwambiri n'chakuti titamaliza panalibe tsiku lobwererako kukaonedwanso, chonsecho mantha amtunduwu amadzuka ndi mvula yoyamba ya mu Novembala. Amene akuyamba uphungu m'chilimwe apemphe alangizi awo, asanatsazikane, kuti awalembere tsiku lina lokumana dzinja likayamba.