The Expendables kapena The Raid: muike iti mu memory?

Mnzanga wina ali ndi kavidiyo sho kufupi ndi msika wa pa Mangochi Boma, ndipo sabata yatha tinakangana za mafilimu awiriwa mpaka tiyi kuzizira. Iye akuti The Expendables ya 2010 ndiye imakoka anthu. Pamenepo sindikutsutsa. Ukangolemba ndi choko pa bolodi kuti Stallone, Jet Li, Statham, akabaza amatsamiritsa njinga n'kulowa. Inadya madola pafupifupi 80 miliyoni, ndipo ndalamazo zimaoneka: ndege, mabomba, moto wokhawokha.

Koma ife timaonera pati? Pa ka TV ka pa shelefu, mwina pa foni yosweka galasi. Bomba la mamiliyoni likafika pamenepo limangokhala ngati wina wakoleza mbaula. Chimatsala ndi nkhope ya munthu.

The Raid ya 2011 inapangidwa ku Indonesia ndi madola ongopitirira pang'ono 1 miliyoni, nkhani yonse m'nyumba imodzi yosanja ku Jakarta. Kumayambiriro Ray Sahetapy, amene akusewera ngati bwana wa zigawenga, akuwombera anthu ogwada mmodzimmodzi. Zipolopolo zamuthera. Sakalipa, sathamanga ayi. Amapita ku dirowa mwachifatse ngati akukatenga fodya, n'kubwerako ndi hamala. Tsiku limene tinaionetsa, anyamata a pa benchi yakumbuyo, aja salekeza kukuwa, anangoti zii. Hamala yake ndi yomweyi ya pa hadiweya.

Ndiye pali Yayan Ruhian, amene akusewera ngati chigawenga china, kamunthu kakafupi koti ukakumana nako pa mlatho wa Bakili Muluzi sungakacheukire. Wamupanikiza wapolisi, mfuti ili m'manja, koma amaiika pambali kuti amenyane naye ndi manja. Maso akewo amakuuza kuti zikumukomera. Amaopsa kuposa zimphona zonse za filimu inayo.

Ngakhale mu The Expendables momwemo, malo amene ine ndimabwezako ndi otchipa kuposa onse: Mickey Rourke wangokhala pansi, akusimba za mayi amene sanamupulumutse ku Bosnia, mawu akunjenjemera. Palibe chikuphulika.

Ngati m'nyumba muli ana, The Raid isiyeni, magazi ake ndi ochuluka. Ngati ndi akuluakulu okha ndipo memory yatsala ndi malo a filimu imodzi, ine ndiika ya ku Jakarta. Mnzangayo akukanabe, koma Loweruka ndinamupeza akuionera yekha asanatsegule chitseko.