Machubu a masiku 14 kapena mabotolo a makina: tiyeze bwanji maselo a mafuta a m'mafupa?

Anzanga a mu labu, thumba la maselo a mafuta a m'mafupa oti aikidwe mwa wodwala likamafika m'manja mwathu, wodwala amakhala atalandira kale chemotherapy yamphamvu kapena ali pafupi kuilandira, chitetezo cha m'thupi chitagweratu kapena chitatsala pang'ono kugwa. Malamulo a FACT-JACIE, mabungwe ovomereza malo opereka chithandizo cha maselo, amafuna kuti thumba lililonse liyezedwe ngati muli mabakiteriya. Nkhani yagona pa njira yake.

Njira yakale ya USP 71, ya m'buku la malamulo a mankhwala la ku America, sidya ndalama zambiri pa zipangizo. Timathira pang'ono m'machubu awiri a madzi okuliramo mabakiteriya, la thioglycollate ndi la soya, n'kudikira masiku 14 kuti tione ngati madzi achita mbuu. Tsoka lake, maselo eni akewo amadetsa madzi kuyambira tsiku loyamba. Umakweza chubu ku getsi, kulipendeketsa uku ndi uku, mtima osakhazikika.

Ine mtima wanga uli pa mabotolo oika m'makina a BacT/ALERT kapena BACTEC. Makina amayeza carbon dioxide amene mabakiteriya amatulutsa pochulukana, usana ndi usiku, ndipo ambiri amagwidwa pasanathe masiku awiri. European Pharmacopoeia, buku la malamulo a mankhwala la ku Ulaya, imavomereza njirayi pa maselo bola mabotolo akhale masiku osachepera 7. Makinawo, mabotolo ndi kukonzetsa zimaboola m'thumba ndithu. Chinanso, bakiteriya wa pakhungu wotchedwa Cutibacterium acnes amakula pang'onopang'ono, choncho musapupulume kutulutsa botolo la anaerobic, lija lopanda oxygen.

Gram stain, njira yopaka utoto n'kuyang'ana pa microscope, imatha m'mphindi zochepa, koma imaona pokhapokha mabakiteriya atachuluka kwambiri. Payokha sindingaidalire.

Mtengo wina suwerengeka ndi ndalama. Mililita iliyonse yothira m'botolo ndi maselo amene wodwala sadzawalandira, ndipo pa magazi a mchombo, kathumba kake kochepa kale, zimandiwawa kutapako. Komanso maselo osaumitsa m'firiji amalowa m'thupi pasanathe maola 72, zotsatira zomaliza zisanatuluke. Ndiye ena amafunsa kuti tikuyezeranji, poti chimene chimamera kawirikawiri ndi Staphylococcus epidermidis wa pakhungu, makamaka pa mafuta otengedwa m'fupa la m'chiuno pobaya kambirimbiri, ndipo madokotala nthawi zambiri amaikabe maselowo chifukwa ena oti n'kusinthira palibe.

Yankho langa lili apa pomwe makina apambanira machubu. Makina akalira pakati pa usiku kuti botolo lamera, timaimbira adokotala nthawi yomweyo kuti muli kanthu, kenako n'kuwapatsa dzina la bakiteriyayo ndi mankhwala omupha. Thupi la wodwala likayamba kutentha, adokotala sachita kulota mankhwala oti apereke.