Bokosi la mabuku a Narnia: yambani ndi buku lachiwiri

Ndinagula bokosi la mabuku asanu ndi awiri a Narnia, olembedwa ndi C. S. Lewis, kuti ndiziwerengera mwana wanga madzulo, ngakhale kuti mumtima ndinkafuna kukumananso ndi buku limodzi, The Lion, the Witch and the Wardrobe, lomwe linatuluka mu 1950. Ndinaliwerenga ndili ndi zaka 12, chikuto chake chili chothothoka, ndipo mpaka lero ndikamamvera ulaliki wa Lachisanu Loyera, amene amandibwerera m'maganizo ndi Edmund.

Edmund ndi mmodzi mwa ana anayi apachibale amene anachotsedwa ku London pothawa mabomba a nkhondo. Iye anapereka abale ake kwa mfiti chifukwa cha maswiti, ndipo lamulo lakale la Narnia, dziko longopeka limene anawo analowamo kudzera mu kabati ya zovala, linkati munthu wopereka anzake aphedwe. Mkango wotchedwa Aslan unadzipereka m'malo mwake, unametedwa manyenje, unamangidwa zingwe n'kuphedwa pagome la mwala. Ku Sande sukulu tinkaloweza mavesi onena kuti Yesu anatifera, koma ine ndinkangowalakatula kuti ndisadzudzulidwe. Chinandilasa mtima n'chakuti Aslan sanamuchititse manyazi mnyamatayu pamaso pa abale ake: anakambirana naye pambali, kenako n'kuwauza kuti asadzautsenso zakale. Ndikafuna kukumbutsa mkazi wanga cholakwa chimene anapepesa kale, chithunzi chimenechi chimanditseka pakamwa, ngakhale si nthawi zonse.

Mabukuwa ndi opepuka m'manja ndipo zithunzi za Pauline Baynes zilimo, kungoti mapepala ndi opyapyala, sangapirire manja a ana ambiri. Chodandaula changa chachikulu ndi manambala a pamsana. Osindikiza anaika 1 pa The Magician's Nephew, buku la mu 1955, lomwe limafotokozeratu kumene kunachokera kabati ya zovala ndi nyale ya m'nkhalango ya ku Narnia, moti mwana akayamba nalo sadabwanso Lucy, mlongo wake wa Edmund, akapeza nyale ikuyaka pakati pa mitengo. Ndikulangiza makolo kugula bokosili, koma ayambe ndi buku la nambala 2, lomwe ndi The Lion, the Witch and the Wardrobe, ndipo akonzeke kumasulira mawu ena a Chingerezi.

Ife tinatero. Titamaliza mutu 14, pamene Aslan amafa, mwana wanga anakana kugona, ndipo ndinapitiriza kuwerenga ndi tochi mpaka mbewa zitadula zingwe zija.