Bolodi loyera la pakhoma ndi malonjezo a banja lathu a chaka chatsopano

Kwa zaka zingapo banja lathu lakhala ndi chizolowezi chokhala pansi masana a pa 1 Januwale, tulo ta mapemphero a usiku wa pa 31 Disembala titatha, n'kugwirizana zimene aliyense akufuna kuchita m'chaka chatsopano. Vuto linali lakuti tinkazilemba m'kope, ndipo kopelo linkasowa mpaka kudzapezeka mu Ogasiti pansi pa matiresi, aliyense ataiwala kale zimene analonjeza. Chaka chino ndinagula bolodi loyera, lija lolembapo ndi maka n'kufufuta, m'sitolo ina ya zolembera ku Limbe, ndipo popeza latha miyezi itatu lili pakhoma kwathu ku Chilomoni, ndaona kuti ndinenepo momwe latitumikirira.

Bolodilo ndi la masentimita 90 m'litali ndi 60 m'lifupi, lili ndi felemu ya aluminiyamu, ndipo linabwera ndi mamaka awiri, yakuda ndi yabuluu, chofufutira chimodzi ndi masikuluwu anayi. Mtengo wake unali pafupifupi ndalama zimene timagulira mayunitsi a magetsi a mwezi wathunthu, zomwe sizinandidabwitse, chifukwa chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 katundu aliyense wochokera kunja anakwera mtengo. Mayi wogulitsa anali waulemu, anandilola kuyesa mamaka onse ndisanalipire, ndipo anakulunga bolodilo ndi katoni kuti lisakandike m'minibasi.

Ubwino wake weniweni ndinauona tsiku loyamba lomwelo. Tinaligawa m'zigawo zisanu, chimodzi cha munthu aliyense ndi chimodzi cha banja lonse, ndipo aliyense analemba ndi dzanja lake. Abambo a ana analemba kuti chaka chino sadzatenganso katapila, ine ndinalemba kuti sindidzadumphitsa sabata osaponya masheya ku banki mkhonde, mwana wathu wamkazi, yemwe ali mu Sitandade 8 ndipo akuyembekezera mayeso a MANEB, analonjeza kuwerenga ola limodzi madzulo aliwonse, ndipo wamng'ono wa zaka zisanu ndi ziwiri analemba ndi zilembo zokhotakhota kuti azitsuka yekha mbale yake. M'chigawo cha banja tinalemba zinthu ziwiri, kukwera Njira ya Mtanda pa phiri la Michiru kamodzi pamwezi, ndi kugula chimanga cha chaka chonse nthawi yokolola, pamene mtengo umatsika, m'malo momagula cha m'ndowa mu Januwale ndi Febuluwale mtengo utafika m'mwamba.

Pogula ndinkaganiza kuti bolodili lizikumbutsa ana, koma amene lawapanikiza kwenikweni ndife makolo. Pa 15 Januwale, tchuthi chokumbukira John Chilembwe, abambo a ana anali atadzigonera pampando akumvera wailesi, wamng'ono uja n'kuwagwira dzanja kupita nawo pakhoma. Anawaloza mzere wa Michiru n'kunena kuti, "Ababa, munalemba nokha." Iwo anandiyang'ana ngati ndiwapulumutsa, koma ine ndinangoti, "Bambo a Chisomo, nsapato zanu zili pakhonde." Tinakwera phirilo kukuwaza kamvula, iwo akupumira m'mwamba pa siteshoni iliyonse, ndipo titabwerako mwanayo anachonga yekha pabolodi. Kope silikanatha kuchita zimenezi, chifukwa mwana sapita kukafunafuna kope kuti adzudzule bambo ake.

Komabe kuonekera komweko kuli ndi vuto limene wogula aliyense ayenera kuliganizira asanakhome. Ife tinalikhoma pabalaza, ndipo ndinalakwitsa polembapo chiwerengero cha ndalama zimene tinkafuna kusungira chimanga. Alamu anga atabwera kudzationa, anaima patsogolo pa bolodilo akumwa tiyi n'kuliwerenga lonse modekha ngati nyuzipepala, ndipo asanatsanzike anali atapempha kale ngongole, akunena kuti aona kuti chaka chino tili bwino. Kukana mlamu amene wawerenga ndi maso ake n'kovuta. Mawa lake tinalisamutsira m'kanjira kopita kuzipinda zogona, zimene zinasiya mabowo anayi pakhoma la nyumba ya lendi, ndipo m'malo mwa ndalama timangojambula matumba, n'kumadetsa limodzi ndalama zake zikakwana.

Pa kapangidwe kake ndili ndi madandaulo angapo. Mamaka amene anabwera nalo anauma pasanathe mwezi, moti ndinagula ena. Chachikulu n'chakuti mabolodi otere anapangidwira zolemba zofufuta tsiku lomwelo, pamene malonjezo a chaka amakhalapo miyezi, choncho inki imakakamira n'kusiya chithunzithunzi cha zilembo ngakhale mutapukuta mwamphamvu. Kansalu koviika mu sipiriti kamachotsa, koma ndi bwino kufufuta ndi kulembanso kumapeto kwa mwezi uliwonse, zimene kwa ife zasanduka nthawi yabwino yofunsana kuti tafika pati. Tsiku lina mwana analembapo ndi maka yosafufutika, ndipo tinaichotsa polemba pamwamba pake ndi maka ya bolodi n'kupukuta isanaume. Thabwa la kumbuyo nalonso ndi lopyapyala, moti linafufuma pangodya imodzi ndi chinyezi cha mvula ya mu Febuluwale, ndipo ngakhale bolodilo limaoneka ngati lachitsulo, maginito sagwirapo. Amene akufuna kumatapo ndondomeko ya mayeso kapena malisiti atenge kamaginito popita kusitolo akayesere komweko.

Ngakhale zili choncho, ndikanaligulabe, ndipo ndingalimbikitse makamaka mabanja amene ali ndi ana odziwa kuwerenga, malinga alikhome kumene alendo safika. Pamene ndikulemba pano mzere wa mbale wachongedwa masiku ambiri kuposa ina yonse, wa banki mkhonde uli ndi mipata iwiri imene ana sasiya kundifunsa, ndipo mwa matumba khumi amene tinajambula, tadetsa anayi, pamene chimanga chatsopano chayamba kale kuoneka mumsika wa Limbe.