Ulendo woyenda pansi padoko la Vigo: nyenyezi 4 mwa 5

Ngati mwafika ku Vigo, mzinda wa m'dera la Galicia ku Spain, ndipo m'mawa wina muli ndi mpata, ulendo uwu ndalama yanu siipita pachabe. Tinalipira pa intaneti, ndipo mayi otiperekeza tinawapeza akudikira kale pa Estación Marítima, pokwerera sitima zapamadzi, pafupi ndi chiboliboli cha bambo wonyamula sutikesi. Ndi maola awiri oyenda pansi, amalankhula Chingelezi chomveka, ndipo nkhani yake ndi ya anthu a ku Galicia amene anawoloka nyanja kupita ku South America nkhondo yapachiweniweni ya ku Spain ndi nkhondo yachiwiri yapadziko lonse zitatha.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti mayiwa sanangoti anthu ankavutika basi. Anatifotokozera mmene kuchokako kunkayendera. Minda inali itagawidwagawidwa mpaka kutsala tizigamba tosadyetsa banja, ndipo chakudya chinkagulidwa ndi makadi a boma mpaka 1952. Boma la Franco, wolamulira Spain nthawiyo, linalola anthu kutuluka mu 1946, kenako mu 1948 linasainirana pangano ndi Argentina ya pulezidenti Perón. Komatu munthu sankangodzuka n'kukwera sitima. Ambiri ankadikira kalata yoitanidwa, carta de llamada, yochokera kwa m'bale amene anatsogola. Mayiwa anatulutsa kope la kalata yotere, lokutidwa mupulasitiki, ife n'kumapatsirana. Zidindo zinali mbwee, dzina la woitana pamwamba, la woitanidwa pansi pake. Kalata ikafika, ya tikiti inkachokera m'ngongole, kapena ng'ombe inkagulitsidwa, munda n'kupinyolitsidwa. Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake anthu a mudzi umodzi ankakathera mumzinda umodzi: malume aitana mphwawo, mphwayo aitana mlamu wake. Galicia ili ndi zigawo zinayi, koma Buenos Aires, likulu la Argentina, anthu ankaitcha chigawo chachisanu.

Anationetsanso chithunzi chimene wojambula zithunzi Manuel Ferrol anajambula mu 1957, cha bambo ndi mwana wake akulira padoko, dzanja la bamboyo litagwira nkhope ya mwanayo. Ndinawayamikira ponena chilungamo kuti chinajambulidwa ku A Coruña, mzinda wina wa ku Galicia, osati ku Vigo.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha Venezuela. M'zaka za m'ma 1950 chuma cha mafuta chinakokera anthu ochuluka kumeneko, sitima ngati Begoña ndi Montserrat zinkapita nawo kudoko la La Guaira, ndipo mu 1960 anakhazikitsa Hermandad Gallega, bungwe la anthu a ku Galicia, ku Caracas. Zonsezi mayiwa anangozidutsa mothamanga poti nthawi inali itathera pa Argentina. Ngakhale nkhani ya sitima ya Santa María, imene inalandidwa panyanja mu 1961 ndi gulu lotsutsa Salazar, wolamulira Portugal, ndi Franco, momwe munalinso Xosé Velo wa ku Galicia, anangoitchula tikuyenda. Za azimayi amene anatsala akulima ndi kulera ana okha anazikamba nditachita kufunsa, chikhalirecho ankazidziwa bwino. Zimenezi zikanayenera kukhala pakati penipeni pa ulendowu.

Vuto lina ndi mawu. Analibe chokuzira mawu, ndiye mphepo ya padoko ikawomba, amene ali kumbuyo samva kanthu. Imani pafupi nawo. Tengani jekete la mvula ndi nsapato zosaterera, chifukwa chakumapeto mumakwera chitunda cha Casco Vello, dera lakale la mzindawu. Polembetsa, auzirenitu kuti mukufuna kumva za Venezuela.