Kuwoloka Bua: bwato la wopalasa woledzera kapena kuzungulira pa mlatho?

Bua akadzaza nyengo yadzinja, anthu a ku Kasungu amasankha pakati pa bwato ndi kabaza wozungulira pa mlatho. Bwato n'lachangu ndiponso lotchipa. Koma wopalasa akamanunkha kachasu, nkhafi ikumupulumuka m'manja, ine ndimati musakwere.

Pamsewu lamulo lili ndi muyeso. Road Traffic Act ya 1997 imaletsa kuyendetsa ngati mowa m'magazi wafika magalamu 0.08 pa mamililita 100, ndipo apolisi pa M1 akhoza kumuimitsa wanjinga yamoto n'kumupumitsa m'kachipangizo koyezera mowa. Akapezeka wolakwa amalipira chindapusa, mwinanso kumangidwa.

Pamadzi lamulo liliponso, kungoti padooko sipakhala wapolisi. Penal Code imati kuyendetsa bwato mosasamala n'kuika miyoyo pachiswe ndi mlandu, ndipo munthu akamira, wopalasayo angazengedwe mlandu wopha munthu mosakonzekera, womwe chilango chake chachikulu ndi ndende moyo wonse. Chimandiwawa n'chakuti mlanduwo umayamba maliro atachitika kale.

Kabaza amadula, fumbi kapena matope mudzakumana nazo, koma ngati muli ndi mwana kumsana kapena thumba la chimanga, zungulirani.